Madzi oyera kuchokera mu ndowe za ziweto: zimatheka bwanji, nanga feteleza akutuluka pati?

Mwina munaonapo kanema uja wa mu 2015 wa Bill Gates akumwa madzi a mu galasi, madzi oti mphindi zochepa m'mbuyomo anali zonyansa za kuchimbudzi. Makina ake ankatchedwa Omniprocessor, anapangidwa ndi kampani ya Janicki Bioenergy ya ku America ndipo kenako anakawayesa ku Dakar ku Senegal. Chiyambireni nthawi imeneyo nkhani zofanana nazo zimangobwera, kuti famu yakutiyakuti ya ng'ombe zamkaka kapena ya nkhumba ikusandutsa ndowe kukhala madzi oyera mbee komanso feteleza. Nde anthu amagawanika, ena amati aaa bodza ili madziwo achita kutunga pampopi, ena amati basi mavuto a madzi ndi feteleza atha padziko. Zoona zake zili pakati, zinthuzi zimathekadi ndipo palibe matsenga, koma pali zambiri zimene nkhani zija sizinena. Chimene ndikufuna mugwire kuyambira pano ndi ichi: makina amenewa sachotsa chilichonse padziko, amangosiyanitsa zinthu zimene zinasakanikirana, ichi apa icho apo. Mukamvetsa zimenezo zina zonsezi zikhala zophweka.

Ndowe zake si zija zouma za mkhola

Tikamati ndowe ambiri timaganiza zija zimauma mkhola nkumazifosholera mu wilibala. Pa mafamu akuluakulu pomwe ng'ombe kapena nkhumba zimakhala mazanamazana pansi pa denga limodzi sizikhala choncho. Pansi pamakhala simenti, nde ndowe, mkodzo, madzi otsukira khola, madzi amene ziweto zataya pakumwa, nthawi zina ndi amvula omwe, zonse zimatsetserekera mu ngalande nkukathera mu dzenje kapena dziwe lalikulu. Zimene zimadzaza mmenemo ndi thope lamadzimadzi lonunkha, ndipo pa malita 100 alionse oposa 90 amakhala madzi enieni. Ng'ombe imodzi yamkaka ya mtundu waukulu imatulutsa ndowe ndi mkodzo zoposa makilogalamu 50 patsiku, tsiku lililonse, kulibe Sabata kulibe holide. Muwerengere nokha ng'ombe 1,000 kwa chaka chathunthu.

Mu thope limeneli muli zakudya zitatu zikuluzikulu za mbewu, zomwe zija zimalembedwa pa thumba la feteleza kuti NPK. N ndi nayitrojeni, amene amabiriwitsa masamba. P ndi fosiforasi, wothandiza mizu ndi njere. K ndi potaziyamu, amalimbitsa mmera. Chiweto chikadya chimangogwiritsa ntchito gawo lochepa la zimenezi kupanga mkaka kapena mnofu, zambiri zimangodutsa nkutuluka.

Chofunika kudziwa, ndipo njira zonse zimene ndifotokoze zatsamira pamenepa, ndi choti zitatuzi sizikhala malo amodzi. Fosiforasi wambiri amamatirira ku tizidutswa ting'onoting'ono tolimba. Potaziyamu amasungunukiratu mmadzi ngati mchere. Nayitrojeni ndi wapawiri, wina ali mu zolimba koma wambiri amabwera ndi mkodzo, ndipo mkodzo ukangokumana ndi ndowe amasanduka amoniya, fungo lija limakulasani mmphuno ndi mmaso mukalowa mkhola losasesedwa. Fungo limenelo ndi feteleza akuthawira mumlengalenga.

Bwanji osangokathira kumunda?

Funso labwino, ndipo kwa mlimi wa ziweto zochepa amene ali ndi munda wokwanira yankho ndi lomwelo, thirani kumunda, palibe makina oposa pamenepo. Vuto limayamba ziweto zikachulukana pamalo amodzi kuposa minda yozungulira. Chakudya cha ziwetozo chimachokera kutali, mwina soya wa ku Brazil wakadyedwa ndi nkhumba za ku Netherlands, nde zakudya za nthaka ya kutali zija zimadzaunjikana pa kadera kamodzi ndipo sizibwerera kwawo.

Kuzibweza nkovuta chifukwa cha kulemera. Malita 1,000 a madzi ndi tani imodzi. Mukadzaza thope mu thanki ya lole ndiye kuti mukuwotcha dizilo kunyamula madzi, feteleza weniweniyo ndi wochepa kwambiri mmenemo, nde mukangoyenda mtunda wautali pang'ono mtengo wa mafuta waposa phindu la manyowawo. Komanso muyezo wake sugwirizana ndi zimene mbewu zimafuna. Manyowa amakhala ndi fosiforasi wochuluka poyerekeza ndi nayitrojeni, ndiye mukamathira mpaka nayitrojeni akwane, fosiforasi amaposa muyezo, chaka ndi chaka nkumaunjikana mu dothi. Onjezaninso kuti mbewu zimafuna chakudya nyengo yake pomwe ziweto sizidikira nyengo.

Zotsalazo zimapita kuti? Mvula imazikokolola kupita mmitsinje ndi mnyanja, kumeneko zimakadyetsa ndere. Ndere zikachuluka nkufa, mabakiteriya amene amaziwoletsa amamaliza okosijeni mmadzi, nsomba nkubanika. Ndere zina zimatulutsa poizoni. Mu Ogasiti 2014 anthu oposa 400,000 a mzinda wa Toledo ku Ohio ku America anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi kwa masiku pafupifupi atatu chifukwa cha poizoni wa ndere za mu nyanja ya Erie, ndipo fosiforasi wochokera mminda, wa feteleza ndi wa manyowa, ndi amene amadyetsa kwambiri ndere zimenezo. Nayitrojeni naye amalowa pansi nkukafika mu zitsime ali mu mtundu wotchedwa naitireti, woopsa makamaka kwa makanda chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni bwinobwino. Bungwe la WHO limati naitireti asapose mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ndiye pali tizilombo toyambitsa matenda. Ku Walkerton ku Canada mu Meyi 2000 mvula yamphamvu inakokolera mabakiteriya a mu ndowe za ng'ombe mu chitsime cha tawuni, mankhwala a kolorini sankathiridwa mokwanira, anthu 7 anamwalira ndipo oposa 2,000 anadwala.

Nchifukwa chake mayiko a European Union kuyambira 1991 ali ndi lamulo loti mmadera amene madzi ali pa chiopsezo, nayitrojeni wochokera ku manyowa asapose makilogalamu 170 pa hekitala pachaka. Mlimi amene ziweto zake zikutulutsa zoposa pamenepo amachita kulipira kuti wina amuchotsere. Apa nde pamene makina aja anapezera msika.

Poyambira: kufinya

Sitepe yoyamba pafupifupi paliponse ndi kusiyanitsa zolimba ndi zamadzi. Makina ofala kwambiri ali ngati sikuluu yayikulu yozungulira mkati mwa chitsulo chobowokabowoka, thope likamakankhidwa madzi amatulukira mmabowo, zotsala nkutulukira kutsogolo zili zofinyika, chimodzimodzi mmene mumapotokolera chovala mukachapa. Zotsalazo zimakhala ngati utuchi wonyowa, ena amapanga kompositi, mafamu ena amaziumitsa nkuyalira ng'ombe pogona.

Koma makina ofinyawa amangogwira zikuluzikulu, fosiforasi uja ali pa tizidutswa tosaoneka bwino ndi maso nde ambiri amadutsa limodzi ndi madzi. Kuti agwidwe pamafunika makina ozungulira mwaliwiro kwambiri otchedwa centrifuge, amagwira ntchito ngati mashini yochapira ikamakamula zovala, zolemera zimaponyedwa kumbali madzi nkutsala pakati. Nthawi zambiri amathiranso mankhwala opangitsa tizidutswa tija kugwirana nkukhala timibulu, njira yomweyo imene amayeretsera madzi amatope a mumtsinje asanawatumize ku mipopi. Akatero fosiforasi woposa theka amapita mu zolimba, ndipo zolimbazo popeza ndi zochepa zikhoza kukwera lole kupita kutali kumene nthaka ikuzifuna. Mafamu ambiri amathera pompa ndipo vuto lawo limakhala lachepa kale kwambiri.

Thanki ya bayogasi siyeretsa madzi

Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Famu ikamanga thanki ya bayogasi anthu amaganiza kuti nkhani ya ndowe yatha. Ayi ndithu. Mu thanki yotsekedwa yopanda okosijeni, yofunditsidwa pa madigiri 35 mpaka 40, mabakiteriya amadya zowola kwa milungu itatu kapena inayi nkutulutsa gasi amene pafupifupi 60 peresenti yake ndi methane, yemwe amayaka. Gasiyo amaphikira, amayendetsa jenereta, ndipo ndi bwino kumugwira chifukwa akangotayikira mumlengalenga amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 28 kuposa kaboni dayokisaidi pa zaka 100. Fungo limachepanso, tizilombo tambiri timafa.

Koma N, P ndi K onse amatuluka mu thankiyo mmene analowera, madzinso ndi omwewo, kuchuluka kwa thope sikusintha kwenikweni. Chimene chasintha nchoti nayitrojeni wambiri tsopano wasanduka wa mtundu wa amoniya, wosavuta kuti mbewu zimuyamwe komanso wosavuta kuthawa. Ubwino wa thankiyi pa nkhani yathuyi ndi woti imapereka magetsi ndi kutentha zimene masitepe otsatira amadya kwambiri.

Ndipatuke pang'ono chifukwa izi zimapha anthu. Dzenje la thope la ndowe likavundulidwa limatulutsa gasi wa hydrogen sulphide, akakhala wochepa amanunkha ngati dzira lowola koma akachuluka mphuno imasiya kumumva, munthu amangogwa. Zimachitika kuti wina wakomoka mdzenje, mnzake kulowa kukamupulumutsa naye nkutsalira momwemo. Osalowa mu dzenje kapena thanki ya ndowe popanda zida zopumira, olo ikuoneka yopanda kanthu.

Fosiforasi wosanduka timiyala

Fosiforasi amene watsala wosungunuka mmadzi ali ndi njira yake yomugwirira ndipo mbiri yake imandisangalatsa. Kumalo oyeretsera zonyansa za mmizinda akhala akuvutika ndi mapaipi otsekeka ndi zinthu zolimba ngati mwala, zochita kugoba. Mwala umenewo dzina lake ndi struvite, umapangika wokha pamene maginiziyamu, amoniya ndi fosiforasi zakumana mmadzi, ndipo ndi womwewo umapezeka mu mitundu ina ya timiyala ta mu impso. Akatswiri anadzaona kuti mmalo molimbana nawo mu paipi, bwanji osaupanga dala mu thanki. Nde amathira maginiziyamu, nkuchepetsa asidi wa madziwo pang'ono, timibulu toyera nkuyamba kukula nkumagwa pansi, mmene mchere umatsalira madzi akamauma.

Timibulu timeneti ndi feteleza wathunthu, wouma, wosanunkha, wolowa mu thumba. Muli fosiforasi wambiri, nayitrojeni pafupifupi 5 peresenti ndi maginiziyamu. Amasungunuka pang'onopang'ono nde mvula simukokolola msanga. Zimayenda bwino ndi thope la nkhumba kusiyana ndi la ng'ombe zamkaka, chifukwa la ng'ombezi lili ndi kashiamu wambiri amene amakhala atagwira kale fosiforasiyo, amafunika ayambe amumasula ndi asidi, zomwe ndi ndalama zinanso.

Kusaka nayitrojeni

Nayitrojeni ndiye wovuta kusunga chifukwa amasinthasintha. Madzi akakhala ndi asidi pang'ono iye amakhala phee wosungunuka. Asidi akachepa, mwachitsanzo mukathira laimu, kapena madziwo akatenthedwa, amasanduka gasi wa amoniya nkuuluka. Mainjiniya amagwiritsa ntchito khalidwe lomweli. Amatenthetsa madzi aja kapena kuthira laimu, nkuwagwetsa kuchokera pamwamba pa nsanja yotsekedwa kwinaku mphepo ikuwuziridwa kuchokera pansi, mphepoyo imanyamula amoniya nkukamudutsitsa mu chipinda china momwe muli asidi wa salufa. Amoniya akangokhudza asidiyo wagwidwa, zimene zimapangika ndi amoniyamu salufeti, feteleza yemweyo amene mafakitale amagulitsa. Kunena mwachidule amuthawitsa dala kenako nkumutchera msampha pakhomo.

Pali njira ina yosiyana kwambiri yomwe ndi yofala ku Flanders ku Belgium kumene nkhumba ndi zambiri. Kumeneko amagwiritsa ntchito mabakiteriya a mitundu iwiri, ena mu thanki yopoperedwa mpweya ena mu yopanda mpweya, amene amasandutsa amoniya kukhala gasi wa nayitrojeni wamba, yemwe ndi 78 peresenti ya mpweya umene tikupumawu. Madzi amatsala opanda nayitrojeni wowononga, zoona, koma fetelezayo ndiye wapita, sanapulumutsidwe. Mukamva kuti famu ikuchotsa nayitrojeni mu ndowe muzifunsa kuti akumugwira kapena akumutaya, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tsopano madzi aja

Pofika apa madzi akadali abulauni, amchere, muli potaziyamu ndi zotsalira za amoniya. Kuti ayere amadutsa mu masefa apadera otchedwa membrane, tinene kuti nembanemba, kachikopa kopyapyala ka pulasitiki kapena dongo lowotcha kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Yoyamba timabowo take ndi tating'ono kuposa bakiteriya, nde mabakiteriya, mazira a njoka za mmimba ndi litsiro lonse loyandama zimatsala. Koma mchere wosungunuka umadutsa, sefa wamba sangaugwire.

Yachiwiri ndi imene imachita zodabwitsazo, amaitcha reverse osmosis. Kuti muimvetse ganizirani mmera umene mwauthira feteleza wambiri pafupi ndi tsinde, mawa lake mumaupeza wafota, timati wapsa. Chimachitika nchoti madzi mwachibadwa amayenda kudutsa khungu la muzu kuchoka kumene mchere uli wochepa kupita kumene uli wambiri, ndiye dothi lodzaza feteleza lija limayamwa madzi a mmera. Kuyenda kumeneko ndiye osmosis. Makina aja amachita zotembenuza, pampu yamphamvu imakankha madzi amchere pa nembanemba mpaka madzi okhaokha adutse mobwerera, mchere nkutsala. Mphamvu yake ndi yayikulu, kuwirikiza ka 20 kapena ka 30 mpweya wa mu tayala la galimoto yaing'ono. Ndi njira yomweyo imene mayiko ngati Israel ndi Saudi Arabia amachotsera mchere mmadzi a mnyanja yayikulu kuti anthu amwe.

Pali kachinthu kamodzi kosonyeza kuti ntchitoyi njosamalitsa. Amoniya akakhala mu mtundu wa gasi uja ndi wamng'ono kwambiri moti amadutsa nembanemba limodzi ndi madzi, nde amayamba athira asidi pang'ono kuti akhale wosungunuka agwidwe, ndipo nthawi zambiri madziwo amawadutsitsa kawiri kapena katatu asanafike poyera bwinobwino.

Amatuluka madzi ochuluka bwanji? Zimatengera thope lake ndi makina ake. Mmalo ambiri ndi pafupifupi theka la zimene zinalowa, ndipo makampani ena ngati Livestock Water Recycling ya ku Calgary ku Canada amalengeza kuti akhoza kufika 75 peresenti.

Njira ina ndi yowiritsa. Mukaphika madzi amchere, timadontho ta pansi pa chivindikiro timakhala topanda mchere, nde makina ena amaphwetsa madzi onse kukhala nthunzi nkuiziziritsa, zolimba nkutsala zouma gwaa, amoniya nkumugwira payekha. Anthu omwe anapanga Omniprocessor aja anadzapanganso makina otere a mafamu a ng'ombe, otchedwa Varcor. Vuto la kuwiritsa ndi moto, kusandutsa lita imodzi ya madzi owira kale kukhala nthunzi kumadya mphamvu yoposa ka 5 imene munagwiritsa ntchito kuwatenthetsa kuchoka pozizira kwambiri mpaka kuwira. Amazemba vutoli pofinya nthunziyo ndi makina kuti itenthe kwambiri, nkuigwiritsanso ntchito kuwiritsa thope lotsatira, kutentha komweko nkumazungulira.

Zimene sizioneka pa chithunzi cha galasi la madzi

Kumbukirani zija ndinanena poyamba, palibe chimene chasowa. Ngati theka latuluka loyera ndiye kuti mchere wonse waunjikana mu zotsalazo, madzi akuda okhala ndi potaziyamu ndi nayitrojeni. Amawatcha feteleza wamadzi ndipo ndi fetelezadi, koma musamuyerekeze ndi wa mthumba. Amene amapangidwa ku Netherlands kuchokera ku thope la nkhumba nayitrojeni wake sakwana olo 1 peresenti, pomwe yureya ali ndi 46 peresenti. Akadali madzi ambiri, akufunabe thanki yosungira, lole yonyamula ndi munda woti akathiridwe, ndipo mukamathira munda umodzimodzi chaka ndi chaka mchere ndi potaziyamu zimachuluka mu dothi. Ineyo ndikamva za makina atsopano funso langa loyamba silikhala la madzi oyerawo, limakhala loti zotsalazi akupita nazo kuti ndipo akugula ndani.

Chachiwiri ndi kutsekeka kwa masefa. Thope la ndowe lili ndi mafuta, zomatamata ndi kashiamu, zonsezi zimaphimba nembanemba, madzi nkuyamba kudutsa pang'ono, pampu nkumadya magetsi ambiri. Amachita kutsuka ndi asidi ndi soda pafupipafupi, pakapita zaka zingapo nkugula zatsopano. Mapulojekiti ambiri amene analephera sanalephere chifukwa sayansi yake inali yabodza ayi, analephera chifukwa makina otere amafuna munthu wodziwa ntchito tsiku lililonse, sipeya wopezeka msanga ndi magetsi osazimazima, pomwe mlimi ntchito yake ndi ziweto osati kuyendetsa fakitale ya mankhwala.

Palinso zina zimene ziweto zimamwetsedwa kapena kudyetsedwa, mankhwala opha mabakiteriya komanso kopa ndi zinki amene amaikidwa mu chakudya cha nkhumba. Izi zambiri zimatsalira mu zolimba zija nkupita nazo kumunda. Kutenthetsa kumapha tizilombo, ku European Union manyowa okonzedwa oti agulitsidwe amayenera kutenthedwa pa madigiri 70 kwa ola limodzi kapena njira ina yofanana mphamvu, koma kopa ndi zinki sizipsa ndi moto, njira yake ndi kuchepetsa mu chakudya momwemo.

Si njira zonse zimene zimafuna mapampu amphamvu. Pali ina imene inayambira ku Chile yomwe mafamu ena a ng'ombe ku America akugwiritsa ntchito, amawaza madzi a ndowe pa bedi lalikulu la tizidutswa ta mitengo lodzaza nyongolotsi, nyongolotsi ndi mabakiteriya zimadya zonyansazo madzi nkutsikira pansi atayerako, pamwamba nkutsala manyowa abwino kwambiri. Ena amakumba madambo ochita kupanga nkudzala bango, madzi nkumayenda pang'onopang'ono pakati pa mizu. Izi nzotchipa poyendetsa koma zimadya malo, ndipo madzi ake ndi othirira mbewu ndi kutsukira khola, si oti muike pakamwa.

Nde madziwo ndi akumwa kapena ayi?

Madzi amene adutsa reverse osmosis kapena kuwiritsidwa, nkuphedwanso tizilombo ndi kolorini kapena kuwala kwapadera kotchedwa UV, akhoza kufika pa muyezo wa madzi akumwa, pamenepo palibe bodza. Madzi sakumbukira kumene achokera, ndipo mizinda ngati Windhoek ku Namibia yakhala ikuyeretsa madzi a zonyansa za anthu nkuwabwezera ku mipopi kuyambira 1968. Koma kuyera kwa mmaso si umboni, madzi akhoza kuoneka mbee ali ndi naitireti kapena amoniya, chimene chimatsimikiza ndi kuyeza ku labu mobwerezabwereza chifukwa nembanemba ikang'ambika pang'ono simungaone ndi maso. Pa mafamu ambiri madziwa sapita kwa anthu, amatsukira makola, amathirira mbewu, amawatayira mumtsinje ngati boma lavomereza, kwina amamwetsa ziweto zomwezo ngati malamulo akulola. Ng'ombe yamkaka imamwa malita pafupifupi 100 patsiku, nde kumadera ouma madzi obwezeredwawo si nkhani yaing'ono.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukula

Feteleza wa nayitrojeni amapangidwa pogwira nayitrojeni wa mumpweya, njira imene Fritz Haber anatulukira ndipo Carl Bosch anaikulitsa mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau ku Germany mu 1913. Njirayi imadyetsa anthu mabiliyoni koma imadya pakati pa 1 ndi 2 peresenti ya mphamvu zonse zimene dziko limagwiritsa ntchito, makamaka gasi wa pansi panthaka, nchifukwa chake gasi akakwera mtengo feteleza naye amakwera, mmene zinachitikira mu 2021, ndipo mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine inadzawonjezera moto. Fosiforasi ndiye sapangidwa nkomwe, amachita kukumbidwa, ndipo pafupifupi 70 peresenti ya miyala yake yodziwika ili mmanja mwa Morocco. Potaziyamu wambiri amachokera ku Canada, Russia ndi Belarus. Ndiye taganizani, mbali imodzi dziko likuwotcha gasi ndi kukumba migodi kuti lipeze N, P ndi K, mbali ina N, P ndi K yemweyo akuwononga mitsinje chifukwa wachuluka pamalo olakwika.

Anthu sagwirizana kuti makina amenewa ndi yankho kapena ayi. Owakonda amati amateteza madzi, amachepetsa fungo kwa anthu oyandikana ndi famu, amabweza zakudya za nthaka kumene zikufunika ndipo mlimi amapitiriza ntchito yake osachepetsa ziweto. Okayikira amati mtengo wake ndi woti mafamu akuluakulu okha ndi amene angakwanitse, nthawi zambiri mothandizidwa ndi ndalama za boma, nde zimalimbikitsa kuunjika ziweto zambiri pamalo amodzi pomwe gwero la vuto ndi lomwelo, komanso amoniya wambiri amathawira mkhola momwemo thope lisanafike nkomwe ku makina. Ku Netherlands mkangano umenewu unafika poti alimi anatseka misewu ndi mathirakitala mu 2019 ndi 2022, khoti litagamula mu 2019 kuti boma silikuteteza mokwanira malo achilengedwe ku nayitrojeni.

Malamulo nawo ali ndi mbali yake. Kwa zaka zambiri ku European Union feteleza wotengedwa mu ndowe ankawerengedwabe ngati manyowa pa malire aja a makilogalamu 170, olo atayeretsedwa mpaka kufanana ndi wa kufakitale, ndiye mlimi ankalipira kuti manyowa ake achoke kenako nkukagula feteleza wa mthumba wothira munda womwewo. Pofuna kukonza zimenezi akuluakulu a European Union anabweretsa gulu latsopano la feteleza lotchedwa RENURE, kutanthauza nayitrojeni wopulumutsidwa ku manyowa, ndi miyezo yoti chinthu chikwaniritse kuti chiziwerengedwa pafupi ndi feteleza wamba. Alimi a ku Netherlands ndi Flanders analimbikira kwambiri kuti zitheke, pomwe mabungwe ena oteteza chilengedwe akuopa kuti nayitrojeni wothiridwa mminda ya mmadera omwe madzi ake ali kale ndi naitireti wambiri angowonjezekera.